Ulendo wa ku Durban: Mlandu wa Poloti ya pa Currie Road

Ambiri a ife tikamva dzina la Durban tiganiza za nyanja yamchere, za sitima zazikulu za pamadzi, ndi za amuna okoka ngolo za alendo atavala nyanga kumutu. Zonsezo zilikodi, ndipo munthu amene wagwira ntchito pansi pa nthaka miyezi yambiri ayenera kukaziona kuti maso ake apumuleko. Koma ine pa livi yanga ndinakapezako nkhani ina imene saijambula pa zithunzi za alendo, ndiyo nkhani ya malo omangapo nyumba. Kodi pa kachigawo kamodzi ka nthaka payenera kugona anthu angati? Nanga ndani ali nayo mphamvu yonena kuti pano takwana, ena asabwere? Ife amene tidziwa kugona m'komboni, bedi pamwamba pa bedi linzake, nkhani yotere si yachilendo kwa ife, ndipo chifukwa chake ndati ndikusimbireni.

Kuchokera ku Johannesburg pa basi ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa N3. Mupitirira Harrismith, mutsika pa Van Reenen, mufika ku Pietermaritzburg, ndipo kuchokera pamenepo msewu ungotsikatsika kufikira mphepo yofunda yachinyezi ikulonjerani, yonga ya ku Nkhotakota nyengo ya dzinja. Azulu atcha mzindawu eThekwini, ndipo ndilo dzina la Masipala wake. Ine ndinafikira kwa mbale wa kwathu, telala, amene achita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu wina ku Sydenham. Iyeyo ndiye anandiyendetsa masiku onse.

PHIRI LA BEREA

Kuti mumve bwino nkhaniyi muyambe mwadziwa makhalidwe a malowo. Doko, masitolo ndi misika zili kunsi, pachidikha, m'mbali mwa nyanja. Kumbuyo kwake kuli phiri lalitali lopingasa, losakwera kwambiri, ndipo dzina lake ndi Berea. Ife amene tinapita pa sukulu ya mishoni dzina limeneli tilikumbukira. M'chaka cha 1835 kunabwera Mzungu wina, Captain Allen Gardiner, kudzalalikira kwa Azulu, koma Mfumu Dingane sinamulole poyamba. Atabwerera kudoko, anthu a pamenepo anamulandira, ndipo iye anatcha mishoni yake Berea, kutengera mudzi uja wa m'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 17, kumene Paulo analandiridwa bwino atathawa ku Tesalonika. Chaka chomwecho mzindawu unapatsidwa dzina la Sir Benjamin D'Urban, kazembe wa ku Cape. Tsono dzina la phirili ndi dzina la kulandira mlendo. Mawu amenewa muwasunge, tidzawafuna kutsogoloku.

Mbali ya phiri yoyang'ana kunyanja ndiyo yokoma. Mukaima pamenepo muona bwalo la Greyville, kumene athamangitsa akavalo mwezi wa Julaye, muona munda wa mitengo wa Botanic Gardens umene unayamba mu 1849, muonanso sitima zili pa mzere kudikira kulowa m'doko. Pamene kunsi anthu ali thukuta kamukamu, kumtundako kuwomba kamphepo. Chifukwa chake munthu wogula nyumba pa Berea sagula njerwa zokha ayi, agulanso mphepo, dzuwa la m'mawa ndi kuona nyanja. Mukam'tsekera zimenezi mwam'landa ndalama.

POLOTI NAMBALA 317

Msewu wa Currie Road uyenda m'mbali mwa phirili, kumtunda kwa Greyville. Pa nambala 317 pali poloti yosakula, yopanikizika pakati pa mafulati akale. Ina mwa nyumba zoyandikana nayo ndi Surrey Mansions, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndipo anthu okonda nyumba zokongola amabwera kudzaijambula.

M'mizinda yotere poloti iliyonse ili ndi giredi yake, monga momwe munthu pa mgodi ali ndi tikiti yonena ntchito yake. Girediyo ndiyo inena kuti nyumba ikwere kufika pati, itambasuke bwanji, ndiponso isiye mpata wotani pakati pa khoma ndi malire. Kampani yotchedwa Serengeti Rise Industries poyamba inaloledwa kumanga nyumba ya nsanjika 4 pa poloti imeneyi, mwa giredi ya GR1, ndipo anansi sanaone chovuta. Koma mu 2011 Masipala anasintha giredi kukhala GR5, imene ilola nyumba yaikulu koposa, ndipo pulani inasinthidwa kukhala ya nsanjika 9. Anansi anangoona makoma apitirira pamene anayembekeza denga, nakwerabe, kufikira mthunzi unagwa pa mazenera awo.

Madandaulo awo anali akuti dzuwa ndi mphepo zatsekeka, nyanja sionekanso, alendo adzasuzumira m'zipinda zawo zogona, ndipo mtengo wa nyumba zawo watsika. Koma dandaulo lalikulu linali la kalata. Lamulo linena kuti asanasinthe giredi ya poloti, anansi ayenera kuuzidwa bwinobwino kuti wokana akane nthawi ilipo, ndipo iwo anati sizinachitike motero. Bungwe la eni nyumba lotchedwa Save Our Berea, limene linayamba mu 2013, linaitanitsa misonkhano, ndipo anansiwo anapita kukhoti lalikulu la Durban. Akampani anayankha kuti iwo anamanga monga mwa pulani imene Masipala anadinda, ndipo anali atatayapo kale ndalama zambirimbiri.

Mu Juni 2015 Jaji Esther Steyn anagamula kuti kusintha kwa giredi kuja sikunatsate lamulo, nalamula kuti mbali ya nyumbayo yopitirira muyeso woyamba igumulidwe. Pa Berea panali chimwemwe. Koma akampani anachita apilo ku khoti la ku Bloemfontein, ndipo mu Juni 2017 khotilo linafafaniza lamulo logumula lija. Silinanene kuti anansi ananama ayi. Linati khoti loyamba silinachotse m'buku giredi yatsopanoyo ndi pulani yake, kotero kuti zinali zikadali ndi mphamvu, ndiponso silinalongosole bwino mbali yeniyeni yoti igumulidwe. Ife makalaliki tidziwa zimenezi: chinthu chingakhale cholakwa, koma ngati sichinafafanizidwe m'buku, buku lichiwerengabe. Pa nthawi ya chigamulo chachiwiricho nyumbayo inali chiimire yosatha. Anansi sanapeze dzuwa lawo, ndipo omanga sanapeze mtendere.

Ine ndinaima tsidya lina la msewu ndi kukweza maso mpaka khosi kuwawa. Khoma lake layandikiradi kwa anansi, ndipo ndinawamvetsa amene anadandaula. Koma mbale wanga uja anangoseka, nati, "Achimwene, mukuwamvera chisoni awa? Kumene mwagona kuja tilipo mabanja 7 pa poloti imodzi, mpope umodzi, chimbudzi chimodzi. Kalata yotifunsa ife inatayika kuti?" Ndinalibe choyankha, ndipo funso lakelo ndilo linandichititsa kufunsafunsa mbiri ya phirili.

KUKANA KWA KALE

Aka sikanali koyamba kuti anthu a pa Berea akane anansi atsopano. Amwenye anayamba kufika ku Natal mu 1860 kudzalima nzimbe pa kontrakiti, monga momwe makolo athu anadzera ku migodi. Ana awo ena atapeza ndalama anayamba kugula nyumba m'munsi mwa phirili, ndipo Azungu eni nyumba anadandaula ku Boma kuti awalowerera. Boma linatuma Jaji Broome kufufuza mu 1940, ndipo mu 1943 linaika lamulo lotchedwa Pegging Act loletsa kugula koteroko. Mu 1946 linaonjeza lamulo lina lolimba koposa. Pamenepo Amwenye, motsogozedwa ndi Dr Monty Naicker, anakhoma matenti pa poloti ina yopanda kanthu ya Masipala, pa mphambano ya Gale Street ndi Umbilo Road, kuti awamange. Anthu pafupifupi 2,000 analowa m'ndende pa kukana kumeneko. Mu 1950 kunabwera Group Areas Act, lamulo logawa mizinda mwa khungu la munthu, ndipo khonsolo ya Durban inali patsogolo kulifuna.

Tiyenera kunena chilungamo: mlandu wa pa Currie Road si wofanana ndi zimenezo. Amene anakana mu 2015 sanakane khungu la munthu, anakana kutalika kwa khoma ndi kusafunsidwa, ndipo ena mwa otsogolera mlanduwo anali Amwenye, amene makolo awo sakadaloledwa kugona pa msewu umenewo. Apa dziko lasinthadi. Koma kuti muone ngati lasintha kwa onse muyenera kukwera pamwamba pa phiri, pafupi ndi nsanja ya yunivesite ya Howard College, ndi kuyang'ana mbali inayo, kumene nyanja sioneka.

KUSERI KWA PHIRI

Kuseriko kuli zigwa ndi zitunda zotchedwa Cato Manor, dzina la George Cato, meya woyamba wa Durban. Azulu akutcha Umkhumbane, kutengera kamtsinje ka pamenepo. Amwenye otha kontrakiti anagulako timinda nalima ndiwo zamasamba zogulitsa m'tauni. Tsono mafakitale atachuluka, makamaka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu akuda anakhamukira ku Durban kudzafuna ntchito, koma pogona panalibe.

Chifukwa chake nchodziwika kwa ife. Masipala anafuna manja a mwamuna, koma sanafune mkazi wake ndi ana ake. Anamanga mahositelo a amuna okhaokha, ndipo ndalama zoyendetsera zimenezi zinachokera ku mowa, pakuti kuyambira mu 1909 Masipala yekha ndiye analoledwa kugulitsa mowa wa masese m'mabiyaholo ake. Ofesi imene anthu anafolera kudinditsa mapasi lero ndi nyumba yosungiramo zakale, dzina lake KwaMuhle, ndipo ine ndinalowamo. Dzinalo ndi la J.S. Marwick, amene Azulu anam'tcha Muhle chifukwa mu 1899, nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi itayandikira, anatsogolera antchito a m'migodi pafupifupi 7,000 kuyenda pansi kuchokera ku Johannesburg kubwerera kwawo ku Natal.

Ambiri ofuna kukhala ndi mabanja awo pafupi ndi ntchito anapita ku Umkhumbane. Eni minda anaona kuti lendi ipindula koposa kabichi, ndipo anaduladula minda yawo m'timagawo. Pa kamunda kamene panali banja limodzi panamera zisakasa zambiri za malata, matabwa ndi dothi, zimene Azulu azitcha imijondolo. M'zaka za m'ma 1950 anthu a kumeneko anaposa 100,000. Madzi abwino ndi zimbudzi zinali zosowa, ndipo ana ambiri anafa ndi matenda a m'mimba. Komabe kunali matchalitchi, masukulu, magolosale, oimba ndi magulu a mpira, ndipo munthu anatha kuyenda pansi kupita kuntchito. Kupanikizana kwa eni malo ndi alendi kunathandiza kukoleza moto wa mu Januwale 1949, pamene anthu akuda ndi Amwenye anamenyana mu mzinda wonse ndipo anthu 142 anafa.

Azungu a pa Berea ndi Masipala anati kuseriko anthu achuluka, kuli uve ndi matenda. Dandaulo lake lofanana ndi la pa Currie Road, lakuti anthu ambiri pa malo ochepa, koma yankho lake linali lina. Panalibe jaji wofunsa ngati eni zisakasa analandira kalata yowapatsa mpata wokana. Mu 1958 Boma linalengeza kuti Cato Manor ndi malo a Azungu. Mu Juni 1959 amayi, amene Masipala anali kuwatayira mowa wawo umene anadyetsa nawo ana, anaukira biyaholo ndi zibonga, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo anali Dorothy Nyembe. Mu Januwale 1960 apolisi 9 anaphedwa kumeneko pofunafuna mowa. Koma kusamutsa sikunaleke. Anthu akuda anawatengera ku KwaMashu ndi ku Umlazi, Amwenye ku Chatsworth, kutali ndi ntchito, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1960 Umkhumbane unali bwinja. Chodabwitsa nchakuti Azungu sanamangepo kwenikweni. Malowo anakhala thengo zaka zoposa 20, mutangotsala mitengo ya mango ndi akachisi a Amwenye.

ABWERERA

Ulamuliro wa tsankho utayamba kufooka, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990, anthu anabwereranso namanga zisakasa pa Cato Crest, pafupi ndi nyumba zabwino za Manor Gardens, ndipo eni nyumbazo anadandaula monga kale. Mu 1993 kunakhazikitsidwa bungwe la Cato Manor Development Association, limene linamangitsa nyumba, misewu ndi masukulu, ndipo mu 2002 chipatala chachikulu cha Inkosi Albert Luthuli chinatsegulidwa komweko. Koma ofuna malo achuluka koposa nyumba zimene zamangidwa. Ine ndinayendamo m'tinjira topapatiza, moti anthu awiri sangapambane osakhudzana, ndipo madenga agundana ngati mamba a nsomba.

Chimene chasintha ndi lamulo. Malamulo aakulu a dziko la South Africa a mu 1996 anena kuti munthu asachotsedwe m'nyumba yake, ndipo nyumba yake isagumulidwe, popanda chigamulo cha khoti, ngakhale nyumbayo ndi chisakasa. Mu 2005 anthu a m'zisakasa za ku Kennedy Road, mu Durban momwemo, anayambitsa bungwe lawo lotchedwa Abahlali baseMjondolo. Boma la KwaZulu-Natal litaika lamulo lofulumiza kuchotsa zisakasa mu 2007, iwo analitengera ku khoti lalikulu koposa la malamulo, ndipo mu Okotobala 2009 anapambana. Mutu umodzi susenza denga, koma osauka atasonkhana anamvedwa monga anamvedwa a pa Berea. Ngakhale zili tero, pepala la khoti lifika msanga kwa wolemera kusiyana ndi kwa wosauka. Mu 2013 anthu ena a ku Cato Crest anamanga pa malo amene anawatcha Marikana, kukumbukira anzathu a pa mgodi amene anawomberedwa mu 2012, ndipo zisakasa zawo zinagumulidwa kangapo ngakhale khoti linali litaletsa. Ndiponso mvula yoopsa ya mu Epulo 2022, imene inapha anthu oposa 400, inasakaza kwambiri iwo omanga m'maphompho ndi m'mphepete mwa mitsinje chifukwa chosowa malo ena.

MAGANIZO ANGA

Ine sindinena kuti nyumba yosanja ndi tchimo. Mzinda ukakana kukwera m'mwamba utambasukira kutali, ndipo amene alipira mtunda umenewo ndi wantchito, amene adzuka tambala woyamba ndi kutha malipiro ake pa minibasi. Walira mvula walira matope: amene afuna wophika, mlonda, telala ndi namwino pafupi ayenera kulolanso kuti anthu amenewa agone pafupi. Anansi akangoti ayi pa nyumba iliyonse, ngakhale yotsata lamulo, ndiye kuti akankhira anzawo kuphompho. Koma tidziwenso kuti mafulati a pa nambala 317 sanali a wantchito, anali a anthu a ndalama zambiri. Sikuti nyumba iliyonse yaitali ithandiza wosowa pogona.

Chimene ndinachigwira mtima ndi ichi: mnansi ayenera kufunsidwa. Jaji wa ku Durban anaima pa mfundo imeneyi, ndipo ndi mfundo yomwe makolo athu anaidziwa kale, pakuti kwathu nyakwawa popatsa munthu malo amaitana a m'malire kuti aone pamene nkhadze idzabzalidwa. Koma ulemu umenewu ukhale wa mbali zonse ziwiri za phiri. Ngati woona nyanja ayenera kalata asanam'tsekere dzuwa, wa m'chisakasa ayenera kalata koposa asanam'gwetsere denga. Pamenepo mpamene phirili lidzayenera dzina lake lija.

KWA IFE OMANGA KWATHU

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zimene ndaona ku Durban zilinso kwathu, pakuti Mtandire ayang'anizana ndi Area 47 ku Lilongwe, ndipo Kalingalinga ali pafupi ndi Kabulonga ku Lusaka. Ambiri a ife titumiza ndalama kuti atigulire poloti ku Ndirande, ku Chinsapo kapena ku Chipata, ndipo mtima uli pa kumanga mdadada wa lendi, zipinda zambiri monga poloti ingalole. Tsono ndikupemphani zinthu izi.

Musalipire musanaone mapepala a malowo, ndipo alembedwe m'dzina lanu pamaso pa mboni. Ngati ndi m'tauni, pulani ipite ku khonsolo musanaumbe njerwa. Koma chidindo chokha sichikwana, monga taonera pa Currie Road, kumene omanga anali nacho chidindo koma anathera zaka m'makhoti. Pitani kwa anansi, kapena tumani munthu wamkulu wa pabanja, mukawauze chimene mufuna kumanga. Siyani njira yodutsa anthu ndi ngalande ya madzi a mvula, ndipo chimbudzi chisayandikire chitsime cha mnzanu. Werengani alendi anu molingana ndi mpope ndi chimbudzi, osati molingana ndi thumba lanu lokha, pakuti ife tidziwa kuwawa kwa kufola m'mawa pa khomo limodzi. Ndipo inu mukalandira kalata ya khonsolo yonena za poloti ya mnansi, musaiike pansi pa mphasa. Funani wina akuwerengereni, muyankhe masiku asanathe, ndipo muyankhe pamodzi ndi anzanu. Safunsa anadya phula.

Amene mudzapeza livi ndi kandalama ka basi, pitani mukasambe m'nyanja ndi kuona sitima. Koma mupatuleko tsiku limodzi lokwera Berea, mukaime pamwamba ndi kuyang'ana mbali zonse ziwiri. Mulungu akusungeni pa ntchito, ndipo mutuluke m'mgodi amoyo masiku onse.

Ine wanu,
Kalaliki wa pa Mgodi.